Katoni Yachitatu ya a Pulofesa Lucy

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndinkaopa kuti tchuthi changa chonse chithera pa mitembo. Munthu akakuuza kuti amafufuza za nkhondo, m'mutu mumangobwera zithunzi zija timazimitsira TV, ndipo ine mtima wanga sulimba nazo. Bambo a Tina anandiseka m'mawa ndikuvala nsapato: "Anzanu tchuthi amapita ku Mombasa, inu mukupita kunkhondo." Koma lero lonse sindinawerenge za mtembo ndi umodzi womwe. Ndawerenga za ng'ombe, za mvula, ndi za bulu wina amene anathyoka mwendo.

Ndilembe mmene zinayambira ndisanaiwale. Uthenga unabwera pa gulu lathu la a Malawi la pa foni: mayi wina wa ku America, katswiri wa mbiri yakale, akufuna munthu woti aziwawerengera mapepala mokweza kwa masabata awiri, makamaka wodziwa Chinyanja chakale. Ine ku ofesi ndimasunga mafailo, chaka chino n'chakhumi ndi chinayi, ndipo masiku a tchuthi anali atandiunjikira. Ndinayankha.

Kunyamuka ku Roysambu kuno ku Nairobi 6 koloko, maminibasi awiri (kuno amati matatu), jamu ya magalimoto pa Ngong Road, kufika ku Kilimani 8 itadutsa kale.

Dzina lawo ndi a Pulofesa Lucy Tillotson, zaka 76. Muno ndiziwalemba a P. Ndi aafupi, tsitsi loyera lometa. Maso akuwathera: m'mbali amaona, koma pakati akuti pali ngati chimtambo. Ndiye akafuna kukuona amapendeketsa mutu, ngati nkhuku ikamayang'ana kabawi. Poyamba ndinkayesa akuyang'ana khoma.

Ndinawauza za mantha anga aja. Anati, "Ine sindiphunzira nkhondo, Isabel. Mfuti yoyamba ikalira, ntchito yanga yatha. Chimene ndimafuna ndi sabata ya m'mbuyo mwake, pamene aliyense ankaganizabe kuti Lamulungu apita kutchalitchi."

Ali ndi makatoni atatu a mafotokope. Lachisanu la sabata yamawa, pa 21, akukalankhula pamaso pa akatswiri anzawo kuno ku Nairobi. Akuti ndi komaliza, ndipo zomwe akanenezo ndiwo mutu wotsiriza wa buku lawo lotsiriza. Ananena zimenezi mosadandaula, akuthira chai, tiyi wa kuno.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Nkhondo yake ndi yaing'ono, ya m'zaka zoyambirira za atsamunda, kumapiri a kumadzulo kuno. Mabuku amaitchula mzere umodzi basi. Anthu ake akuluakulu ndi awiri, ndipo a P amangowatchula ndi zilembo ngati abale awo: H., mzungu woyang'anira boma laling'ono, ndi K., mtsogoleri wa anthu a kumapiriko. Mkangano unali wa ng'ombe ndi msonkho. H. anatenga asilikali n'kukwera mapiri. Anafa anthu oposa mazana awiri. Mwa asilikaliwo munali ochokera kwathu ku Zomba, n'chifukwa chake muli mapepala ena a Chinyanja.

A P akhala pa nkhani imeneyi zaka khumi ndi chimodzi. Nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi.

Masana anapita kwa dokotala wa maso. Potuluka anati, "Suzumirani m'katoni yachitatu, muzolowerane ndi H." Nditatsegula ndinamva chisoni. Mapepala oposa mazana anayi, onse osokonekera. Kalata ya pa 2 Epulo ili pambuyo pa ya pa 11, ya mu Febuluwale yalowa pakati pa za mu Meyi. Ndinati mayi wachikulire wosaona bwino, ali yekha kudziko la eni, angasanje bwanji zimenezi? Ine ndiye ntchito yanga yomweyi.

Ndinayala pansi ndi kusanja zonse motsatira tsiku limene zinalembedwa. Mama Rose, amene amakonza m'nyumbamo, anaima pakhomo ndi chikolopa n'kunena kuti, "Mama hapendi," kutanthauza kuti mayi sakonda zimenezo. Ndinawayankha m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti a P andilola. Maola atatu ndi theka. Katoni tsopano yaima bwino ngati ya ku ofesi kwathu. A P anali asanabwere pamene ndimachoka. Mawa akadabwa.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndawononga.

Sindikudziwa ndilembe bwanji. Tinakhala pansi 9 koloko, ine ndikumwetulira ndekha. A P anakokera katoni ija pafupi n'kupisamo dzanja osayang'ana, zala zikuyenda pamwamba pa mapepala ngati munthu amene akudziwa pamene anasiya. Anatulutsa limodzi. "Ili ndi la bulu wachiwiri. Werengani." Silinali la bulu. Anatulutsa lina. Silinali limene ankayembekezera. Dzanja linaima.

Ndinawauza, mawu akuchepa ndikamapitiriza.

Kenako anafunsa chinthu chimodzi: "Mwataya lililonse?" Ndinati ayi. Anati, "Chabwino. Khalani pansi ndikuuzeni chimene munachiona dzulo."

Mapepala aja sanali osokonekera. Anawasanja motsatira tsiku limene kalata iliyonse inafika m'manja mwa woilandira, osati tsiku limene inalembedwa. Nthawi imeneyo kalata inkayenda ndi munthu wa miyendo, kapena bulu, kapena sitima. Ina masiku awiri, ina masabata atatu. Ndiye munthu ankatha kuyankha mokwiya kalata yakale pamene yopepesa ili m'njira. Akuti ukasanja potsatira tsiku lolembedwa, umaona zinthu zimene munthu aliyense wa nthawiyo sanazionepo, ndipo onse amaoneka opusa kapena oipa. Ukasanja potsatira tsiku lofika, umakhala patebulo la munthuyo m'mawa umenewo, ukudziwa zokhazo zimene iye ankadziwa.

Makalata ochepa okha ndiwo ali ndi chidindo cha tsiku lofika. Ena onse anachita kuwerengetsera okha, limodzilimodzi: mtunda, mvula, tsiku limene sitima inaima, mawu a m'kalata yoyankha. Manambala sanalembe pamapepalapo chifukwa ankawasunthasuntha akapeza umboni watsopano. Dongosolo lonse linali m'katonimo ndi m'zala zawo. Zaka khumi ndi chimodzi. Ine maola atatu ndi theka.

Ndinalira, ndipo ndikuchita manyazi kuti iwo ndi amene anandipatsa kansalu. Ndinati ndisiye ntchito, apeze wina. Anati, "Wina adzafunanso kundithandiza. Inu mwathandiza kale, simudzabwerezanso."

Chiyembekezo chilipo chimodzi. Ali ndi timabuku 23 momwe ankalemba mawerengetsero awo ndi pensulo, tizilembo tating'ono ngati nyerere, timene iwo sangathenso kuwerenga. Ine ndingathe. Tatsala ndi masiku asanu ndi atatu. Tikalephera, akaima pamaso pa anthu opanda umboni, ndipo mutu wa buku uja sulembeka.

Kunyumba bambo a Tina anangoti, "A Rejisitala, mwakasanja nkhondo ya eni ake?" Ataona nkhope yanga anasiya, n'kukatenthetsa madzi osamba.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Tachotsa mipando pabalaza. Pansi tagawa malo atatu ndi ulusi: tebulo la H., tebulo la akuluakulu ake a ku likulu, ndi tebulo la K. Ine ndimatenga pepala pa mulu wanga wolakwika uja, kuyambira loyamba, n'kuliwerenga mokweza. Kenako timasaka m'timabuku kuti linafika liti, kwa yani. Likapezeka, ndimakaliika pamalo pake, ndipo tsopano ndikulemba nambala kuseri ndi pensulo. Anavomera zimenezi atang'ung'udza pang'ono.

Lero mapepala 41.

Ali ndi lamulo limodzi lokhwima: osawerenga za mawa. Ndinangoti, "Komatu H. ameneyu akanadziwa zomwe zikubwera," iwo n'kukweza chala. "Sakudziwa. Ife tokha m'chipinda muno ndi amene tikudziwa kuti kunali nkhondo. Tiyeni tiiwale."

Chimene chandidabwitsa ndi mutu wawo. Ndikawerenga mizere iwiri amamaliza okha yotsalayo. Amadziwa kuti wonyamula makalata wina anali waulesi, ankagona masiku awiri kwa mkazi wake wachiwiri panjira, ndiye kalata iliyonse imene ananyamula iyeyo amaiwonjezera masiku awiri. Anazitulukira poona kuti makalata ake okha ankachedwa mofanana nthawi zonse. Munthu anamwalira zaka zoposa zana zapitazo, koma mayi wa ku America akumudziwa chinsinsi chake.

Lachisanu, 14 Febuluwale

58. Msana ukuwawa. Mama Rose amatilumpha ngati akuwoloka mtsinje pamiyala.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndinapitako ngakhale sitinapangane za Loweruka. Ndinagula mandazi panjira.

Tikudya ndinawafunsa chimene chinawayambitsa kusanja motere. Ndinkayembekezera dzina la buku kapena la mphunzitsi. Anandiuza za mchimwene wawo Eric. Anakulira pafamu, awiri okha. Eric anapita ku Vietnam ali ndi zaka makumi awiri. Tsiku lina kunabwera asilikali awiri ovala bwino kudzanena kuti wamwalira. Patatha masiku asanu ndi anayi, bokosi la makalata la kumsewu linali ndi kalata yake: ali bwino, chakudya n'choipa, amutumizire masokosi. Inabweranso ina. Ndi inanso.

"Mayi anga anaziika m'kabati motsatira mmene zinafikira," anatero. "Uthenga wa imfa poyamba, masokosi pambuyo. Azakhali anga anafuna kuzikonza. Mayi anakana, anati umu ndi mmene zinatichitikira ife."

Anapukuta zala n'kunena kuti tipitirize.

Madzulo ano ndakhala ndikuganiza kuti azakhali aja ndine.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kutchalitchi, kenako kugona. Ulaliki sindinaumve, ndimawerengetsera masiku a bulu.

Lolemba, 17 Febuluwale

Tadutsa theka. Tafika mu Epulo, mwezi wa nkhondoyo, ndipo lero andifotokozera mtima wa nkhani yawo yonse.

Pa 4 Epulo, K. anatumiza kalata kwa H. Anamulembera ndi mphunzitsi wa pamishoni. Ndaiwerenga ndekha, ndi yaulemu: akuvomera kubweza ng'ombe, akupempha kuti akumane pamtsinje akambirane. Pa 9, H. ananyamuka ndi asilikali. Mu lipoti lake analemba kuti kalatayo inamupeza pa 12, nkhondo itayamba kale. A P anafufuza za mvula ya chaka chimenecho n'kupeza kuti mtsinje wa pakati pawo unadzaza sabata imeneyo. Ndiye mfundo yawo ndi yakuti panalibe amene ankaifuna nkhondoyi. Mtendere unali m'njira, unangochedwa masiku atatu chifukwa cha madzi. Nkhani yawo ya Lachisanu aitcha "Masiku Atatu."

Ankafotokoza nkhope ikuwala. Akuti moyo wawo wonse akhala akuuza anthu kuti nkhondo zambiri sizibwera ndi zilombo za anthu, zimabwera ndi anthu wamba amene akuchita zinthu ndi uthenga wakale. Ndipo iyi ndi imene imaonetsa zimenezo bwino kuposa zonse.

Anthu mazana awiri, ndi mtsinje.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ndapeza chinthu, ndipo ndikulakalaka ndikanapanda kuchipeza.

Mulu wanga wolakwika uja umatsatira tsiku lolembedwa. Ndiye titamaliza za pa 7 Epulo, pepala lotsatira linali la pa 8, la Chinyanja, loyamba la mtundu wake kulipeza. Ndi kalata ya msilikali wa kwathu, Kopolo Davide, yopita kwa mkazi wake Lenah kudzera pamishoni ya kufupi ndi Zomba. Pamwamba pake mzungu wina wa pamishoni analemba m'Chingerezi kuti ndi moni wa pabanja chabe.

A P anati, "Imeneyo inafika mu Julayi, ndi ya kumapeto kwenikweni. Ikani pambali, za Davide tidzaziona Lachinayi tikapeza mpata." Makalata akewo anawapeza chaka chatha chomwechi, ndipo sanapezebe wowawerengera.

Ndinaika pambali. Koma Chinyanja chikakhala pamaso pako suchita kufuna kuti uwerenge. Ndakopera mawu ake:

"Dzulo dzuwa litapendeka anafika munthu wa kumapiri ndi kalata pa kamtengo kong'alula. Ananyowa mpaka m'chifuwa. Alibe zala ziwiri kudzanja lamanja. Ine ndinali pakhomo, ndinamlowetsa. Bwana analandira kalata, anaitembenuza, anaiika pansi pa chitini cha tiyi osatsegula. Anati adzawerenga pobwera. Mawa tinyamuka. Usagulitse mbuzi yaikazi."

Kalata ya K. ija ndinaiwerenga dzulo lomweli. Mzere wake womaliza umati wonyamula kalatayo ndi mwana wa mlongo wake, ndipo amuzindikire ndi dzanja lopanda zala ziwiri.

Inafika pa 7. Osati pa 12. H. ananama.

A P sindinawauze. Tinapitiriza mpaka 4 koloko, ine ndikulakwitsalakwitsa manambala. Anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati mutu.

M'matatu ndinadutsa siteji yanga. Ndawasokonezera katoni, tsopano ndiwagwetserenso mfundo ya zaka khumi ndi chimodzi, kutatsala masiku atatu? Ali ndi zaka 76. Sadzalembanso buku lina. Ndikangokhala chete, Lachinayi mpata supezeka, ndikudziwa, ndipo palibe wina m'holo imeneyo amene adzawerenge Chinyanja cha Davide.

Ndinawauza bambo a Tina tikudya. Anatafuna nthawi yaitali. "Ndiye mukufuna muiike pansi pa chitini cha tiyi?" Ndinawakwiyira, ndinanyamula mbale zanga. Pano ndakhala kuchipinda ndipo mkwiyo wanga ulibe pogwira.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndinanyamuka 5:30 kuti ndisapeze nthawi yosintha maganizo. Ndinawapeza akumwa khofi pakhonde. Sindinakhale n'komwe. Ndinati pali kalata imene sitingadikire nayo Lachinayi.

Ndinawerenga m'Chinyanja kaye, kenako ndinamasulira. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ndisakometse.

Zimene anachita pambuyo pake sindidzaziiwala. Sanadziteteze. Anayamba kumuyesa Davide ngati mboni pabwalo, koma mwaulemu. Kodi tsiku analemba pamwambapo likuoneka bwino? Likuoneka. Kodi angakhale atalemba pambuyo pa nkhondo n'kuika tsiku lakale? Tinayang'ana: akunena za mnzake wina kuti akudwala m'mimba, ndipo mnzakeyo ali pa mndandanda wa amene anafa pa 10. Kodi Davide anali ndi chifukwa chomunamizira H.? Kwa mkazi wake, pakati pa nkhani ya mbuzi? Nanga mtsinje? Anandituma kabuku ka 17. Mtsinje unadzazadi. "Ananyowa mpaka m'chifuwa," anatero okha. "Anawoloka. Mwana uja anawoloka."

Kenako anaika manja pamaondo.

"Ndinamukhulupirira H. chifukwa ndinkafuna kuti ukhale mtsinje," anatero. "Mtsinje sungauimbe mlandu. Ndinafufuza mvula miyezi isanu ndi umodzi, koma tsiku limene iye analemba sindinalifufuze ndi tsiku limodzi lomwe."

Ndinapepesa. Anapendeketsa mutu mpaka anandipeza ndi diso. "Mukupepesa chiyani? M'dongosolo langa Davide anali mu Julayi, kutali ndi K. ndi mapepala mazana awiri. Ndikanafa asanakumane. Mulu wanu ndi umene unawaika pamodzi." Kenako anawonjezera kuti, "Musatengerepo mwayi. Mukadzagwiranso katoni yanga ndidzakuthamangitsani ndi chikolopa cha Rose."

Ndinaseka ndi misozi yomwe.

Anadzuka n'kupita okha pabalaza, akupapasa ndi phazi kuti asaponde mapepala. Anandiuza ndiwapatse kalata ya K. Anagwada movutikira, n'kuichotsa pa 12, n'kuiika patebulo la H. pa 7 Epulo. Anakhala chogwada kanthawi. Ndinachita kuwadzutsa.

Ndinafunsa ngati Lachisanu aimitsa. Anati, "Ayi. Tsopano ndiye ndili ndi chonena. Tengani cholembera."

Lachinayi, 20 Febuluwale

Katoni yatha, 417, onse ndi manambala. Nkhani yatsopano anandilembetsa kuyambira m'mawa, akuyendayenda. Masamba asanu ndi anayi a yakale ndawang'amba ndi manja anga iwo atandiuza. Funso lasintha: salinso kufunsa kuti kalata inachedwa bwanji, akufunsa kuti munthu amaopa chiyani kuti asatsegule kalata. Tinabwerera patebulo la H. n'kuwerenganso zonse zimene zinamufika sabata imeneyo. Pa 5 analandira kalata ya akuluakulu ake yomunena kuti ndi wofewa, ndipo akuganiza zotumiza wina m'malo mwake. Inali pomwepo nthawi yonseyi. A P akuti sakunena kuti chifukwa chake n'chimenecho, akungonena kuti inali patebulo, pafupi ndi chitini cha tiyi.

Akufuna mawa ndikawerenge Davide ndekha, m'Chinyanja. Ndakana kawiri.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Holo yaing'ono ku Westlands, anthu ngati makumi asanu ndi atatu. Pachitseko panali patamatidwa kale mutu wakale, "Masiku Atatu." Bambo a Tina anathawa kuntchito, anakhala kumbuyo ndi tayi yawo ya maukwati.

A P anaima opanda pepala, poti sangaliwerenge. Anayamba ndi kunena kuti ambiri m'chipindamo anawamvapo akufotokoza za mtsinje, ena anaziika m'mabuku awo, ndipo abwera kudzawauza kuti analakwitsa. Ananena mosazungulira, ngati munthu akunena kuti kunja kukugwa mvula. Bambo wina wa ndevu kutsogolo anasiya kulemba.

Anafotokoza masiku onse pamtima, kalata ndi kalata, tebulo ndi tebulo. Atafika pa 7 Epulo anaima n'kunena kuti mboni yake ilankhule yokha m'chilankhulo chake, ndipo anatchula dzina langa lonse, osalakwitsa.

Ndinaimirira ndi mantha. Koma nditayamba, mawu a Davide anatuluka ngati a amalume anga. Anthu osamva ndi liwu limodzi lomwe anatchera khutu. Pa mbuzi yaikazi mawu anandithawa pang'ono, ndipo kumbuyo ndinamva bambo a Tina akutsokomola chitsokomolo chabodza.

Pa mafunso, mtsikana wina wa ku yunivesite anafunsa ngati zimenezi sizikugwetsa zonse zimene akhala akuphunzitsa. Anati, "Zina zikugwa. Ndinkati anthu amachita nkhondo chifukwa sakudziwa. Tsopano ndiyenera kuwonjezera amene amasamala kuti asadziwe. Ndikanakonda nditazipeza ndili ndi zaka makumi anayi. Ndazipeza Lachitatu."

Potuluka anandigwira mkono kuti ndiwatsogolere pamasitepe. Ananditsamira ndi thupi lonse, atatopa kwambiri. Polankhula paja sizinkaoneka.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndinapita kukawathandiza kumanga makatoni, anyamuka Lolemba. Mama Rose abwezeretsa mipando, balaza likuoneka lachilendo.

Potsazikana anandipatsa envulopu yakhaki. Muli makalata ena khumi ndi limodzi a Davide amene sanali m'katoni ija, onse olembedwa pamwamba kuti moni wa pabanja chabe. Okhala nawo iwo ndi mafotokope ena. Ndinati ndiwamasulira onse mawa lomwe ndi kuwatumizira.

"Ayi," anatero. "Pamishoni ankadinda tsiku lofika, lili pakona. Musandimasulire kaye. Yesani inuyo. Khalani patebulo la Lenah."

Ndinafunsa ngati Davide anabwerera kwawo. Anati sakudziwa, ndipo akanadziwa sakanandiuza.

Ndafika kunyumba 3 koloko. Ndachotsa nsalu ndi maluwa apulasitiki patebulo lodyera. Ndasanja makalata poyang'ana zidindo zokha, dzanja lina litaphimba mawu. Yoyamba kufika si yoyamba kulembedwa. Zala zanga za ku ofesi zinayabwa, ndinazikhalira.

Bambo a Tina anabwera ndi chai n'kuima kumbuyo kwanga. "Tsegulani yomalizayo tidziwe ngati anapulumuka."

Ndinawakokera mpando. Ndinati khalani apa, muyese nanu, kamodzi kokha. Muli ku Zomba, mwezi ndi Meyi, mwamuna wanu anapita chaka chatha ndipo simunamve kalikonse. Lero mphunzitsi wa pamishoni wakuitanani kuti kwabwera kalata.

Anaika makapu pansi, kutali ndi mapepala. Akhala. Makalata khumi enawo ndawatembenuza chafufumimba.